Pepala siliyankha foni

Aliyense wokulira kuno kwa Khombedza anakhalapo pa bwalo tsiku loyanjanitsa anthu. Mwina nkhani inali ya ng'ombe zimene zinadya mpunga wa eni kudambo, mwina ya malire a munda, mwina ya asodzi a madoko awiri odulirana maukonde usiku. Mafumu amayankhula, mbali zonse zimavomera, mlembi amalemba m'kope, anthu amagwirana chanza, amayi nthungululu. Kenako wina amakumbutsa kuti pakufunika komiti yoti iziyang'anira zomwe tagwirizanazi. Apa n'kuti dzuwa litapendeka, njala italuma, ena atayamba kale kukuntha fumbi ku zitenje. Maina amangoponyedwa mothamanga, wina amasankhidwa iye kulibe, ndipo tonse timabalalika tikuti nkhani yatha.

Anzathu a ku Mozambique, mphindi yomalizayi inawaonetsa zakuda, ndipo ena mwa amene anavutika nayo amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi.

Pa 4 Okutobala 1992, mu mzinda wa Rome, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano lothetsa nkhondo ya zaka 16 ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Nthawi imeneyo m'Malawi muno munali anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondoyo, atadzaza ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza ndi madera ena a m'malire. Tsiku losainalo ambiri amalikumbukira. Chimene chimaiwalika n'chakuti mwezi womwewo usanathe mfuti zinaliranso. Renamo inalanda matauni anayi, Angoche, Maganja da Costa, Memba ndi Lugela, ndipo asilikali a boma anapita kukawalandanso. Aldo Ajello, nzika ya ku Italy imene bungwe la United Nations linaituma kukayang'anira panganolo, anali atangofika pa 15 Okutobala ndi anthu 21 okha oonerera, m'dziko loti Malawi angalowemo pafupifupi ka 7. Pepala la ku Rome linali litatchula makomiti okhaliramo mbali zonse, koma pamene matauniwo ankalandidwa makomitiwo anali asanakhalepo pansi ndi tsiku limodzi lomwe. Wodandaula analibe kokadandaula, choncho anadandaula ndi mfuti.

Komiti yaikulu inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa Novembala, pamodzi ndi ina yoona za kusamenyana. Kagwiridwe kake ka ntchito kanalibe chozizwitsa. Mbali ina ikaona kuti anzawo asuntha asilikali kapena alowa m'mudzi umene si wawo, imalemba dandaulo. Anthu a boma, a Renamo ndi a United Nations amakwera galimoto imodzi kapena helikopita imodzi kukaona ndi maso, n'kubwerera kudzakangana patebulo. Amakangana zedi, amanenana zabodza, amazengereza. Koma mkangano wa patebulo suika munthu m'manda.

M'Malichi 1993 zinthu zinaima. Nthumwi za Renamo, zotsogozedwa ndi Raul Domingos, zinachoka ku Maputo n'kubwerera kutchire, ndipo makomiti anakhala osakumana pafupifupi miyezi itatu. Pa zifukwa zimene anapereka, chachikulu sichinali cha ndale kapena cha zida. Anati alibe nyumba zokwanira, alibe galimoto, alibe ndalama yodyera ndi yoyendetsera ntchito. Ambiri anaseka, amvekere zigawenga zayamba kupempha matiresi. Ine sindiona choseketsa. Taganizani munthu amene wakhala m'nkhalango zaka zoposa khumi, lero ali mu mzinda wa mdani wake, kogona amusankhira ndi mdaniyo, ndipo akafuna kulankhula ndi bwana wake kutchire ku Maringue ayenera kupempha kwa yemweyo. Munthu wotere patebulo amakhalapo ngati wopempha, ndipo anzake otsala kutchire sachedwa kumukayikira kuti wagulidwa. Ajello anaiona nkhaniyi msanga. United Nations inatsegula thumba la ndalama, mayiko ena monga Italy n'kuponyamo, kuti Renamo ikhale ndi pogona, poyendera ndi pogwirira ntchito. Ena anadandaula kuti uku n'kugula mtendere ndi ndalama, ndipo dandaulo lawo linali ndi mutu. Komabe nthumwi zija zinabwerera, asilikali analowa m'misasa yotulira zida, chisankho chinachitika kumapeto kwa Okutobala 1994, ndipo alendo athu aja anabwerera kwawo.

Chisankho chitatha, a United Nations analongedza kumayambiriro kwa 1995, makomiti n'kutsekedwa. Aliyense anati ntchito yatha. Koma Dhlakama anatsala ndi gulu la anyamata a mfuti omulondera, ndipo panalibenso chipinda chimene nkhani ya anyamata amenewo ikanakambidwira mwezi ndi mwezi. Inangokhala ikufuka pansipansi kwa zaka pafupifupi 20. Mu Epulo 2013 apolisi anathyola ofesi ya Renamo ku Muxungue, Renamo n'kubwezera pa polisi ya komweko. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho asilikali a boma analanda msasa wa Dhlakama ku Satunjira, m'mphepete mwa phiri la Gorongosa, ndipo Renamo inalengeza kuti pangano la ku Rome lafa.

Pa 5 Sepitembala 2014 Pulezidenti Armando Guebuza ndi Dhlakama anasainanso pepala lina. Ulendo uno ofesi inalipo. Panapangidwa gulu loonerera lotchedwa EMOCHM, lokhala ndi asilikali a boma, a Renamo ndi akuluakulu a nkhondo ochokera kumayiko monga Botswana, Zimbabwe, South Africa, Kenya, Italy ndi Portugal, ndipo nthambi yake ina inali ku Tete. Galimoto zinalipo, malipiro analipo, zikwangwani zinalipo. Ntchito ndiyo inalibepo. Gululi linayenera kuonerera anyamata a Renamo akutula zida n'kulowa m'gulu la nkhondo ndi la polisi. Boma linati Renamo iyambe yapereka mndandanda wa maina a anyamata ake. Renamo inati boma liyambe lanena kuti maudindo agawidwa bwanji. Akuluakulu a mbali ziwirizi anakumana ku Maputo maulendo oposa 100 osamvana pa mfundo imeneyi, pamene oonerera aja ankangodya n'kugona, kudikira lamulo limene silinabwere. Pakati pa 2015 boma linathetsa gululo ponena kuti likungomwa ndalama.

Chimene chinatsatira ndi chimene chimandiwawa kwambiri m'nkhani yonseyi. Mu Sepitembala 2015 mdipiti wa galimoto za Dhlakama unaomberedwa m'chigawo cha Manica, iye n'kuthawira kutchire. Amkhalapakati a m'dziko momwemo, kuphatikizapo Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican ndi Lourenço do Rosário, anapita kukamutenga. Pa 8 Okutobala anatuluka naye m'nkhalango, atolankhani akuona, n'kumuperekeza mpaka kunyumba kwake ku Beira. Kutacha, pa 9 Okutobala, apolisi a zida anazinga nyumbayo, alonda ake n'kulandidwa mfuti. Kaya amene analamula zimenezi ankaona ngati wachenjera, chimene anaononga m'mawa umodziwo chinali chachikulu kuposa mfuti zimene anatola. Anaononga mawu a amkhalapakati. Dhlakama anabwerera ku Gorongosa, ndipo sanafunenso kumva za anthu amene anamuuza kuti tulukani, palibe chimene chikuchitikireni.

Apa n'kuti anthu a m'maboma a Moatize ndi Tsangano atayamba kale kuwolokera kuno. Pofika Malichi 2016, pamudzi wa Kapise m'boma la Mwanza panali anthu oposa 10,000, ambiri amayi ndi ana, akugona m'zisakasa za udzu ndi mapepala a pulasitiki pakati pa dzinja. Iwo ankanena kuti asilikali a boma anawaotchera nyumba ndi nkhokwe powaganizira kuti amadyetsa a Renamo, ndipo boma la Mozambique linkakana. Ofesi imene ikanatumiza anthu a mbali zonse kukaona ngati nkhokwezo zinapsadi, ndi kuti anayatsa ndani, inali itatsekedwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Kuyambira mu Epulo 2016 ambiri anasamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno, womwe uja munkakhala othawa nkhondo yoyamba.

Wina anganene kuti amenewo ndi mavuto a Frelimo ndi Renamo basi. Koma kutali kwambiri ndi kuno, kum'mawa kwa dziko la Myanmar, m'malire ndi Thailand, mtundu wa anthu otchedwa Karen unadutsa m'njira yofananayo, ndipo kumeneko maofesi olumikizira mbali ziwiri anali pamtima penipeni pa pangano.

Bungwe lawo la KNU linayamba kumenyana ndi boma mu 1949. Pa 12 Januwale 2012, patatha zaka 63, nthumwi zake zinasaina ndi boma la Thein Sein pangano losiya kumenyana mu tauni ya Hpa-an. Imodzi mwa mfundo zake inali yotsegula maofesi a KNU m'matauni a m'manja mwa boma. Yoyamba inatsegulidwa ku Kyaukkyi mu Epulo, ena n'kutsatira m'malo monga Dawei, Myawaddy ndi Thaton, ndipo dziko la Norway linathandizapo ndi ndalama. Kanyumba wamba, tebulo, foni, mbendera, ndi anthu ochepa amene dzulo lake akanamangidwa akanaoneka mu tauni imeneyo. Asilikali a mbali ina akafuna kudutsa dera la anzawo, uthenga umadzera pamenepo. Mfuti ikalira usiku kuphiri, mkulu wa asilikali a boma amakhala ndi nambala yoimbapo asanatumize gulu. Ndipo anthu wamba, amene poyamba sanawerengeredwe kwenikweni, anayamba kufikapo okha: uyu walandidwa munda ndi kampani, uyu mwana wake wagwidwa pa msewu, uyu akufunsa ngati njira yakwawo ilibe mabomba okwirira. Kwa zaka zingapo kumenyana kunachepadi, anthu anayenda, misika inatsegulidwa.

Koma ming'alu inaoneka chaka choyamba chomwecho, ndipo inayambira m'nyumba mwa eni ake. Mu Sepitembala 2012 mkulu wa asilikali a KNU, Mutu Say Poe, anapita ndi anzake kukatsegula ofesi ku Hpa-an popanda chilolezo cha komiti yaikulu ya bungwe lawo. Iye ndi anzake awiri, David Taw ndi Roger Khin, anachotsedwa pa maudindo. Nkhaniyo inakonzedwa, moti pofika Disembala Mutu Say Poe anasankhidwa kukhala wapampando wa KNU, koma chikayiko chinatsala. Asilikali a kumapiri a Mutraw, amene anthu awo anavutika kwambiri pa nkhondo, ankaona anzawo a m'maofesi a m'tauni akuyenda pa galimoto zabwino ndi kucheza ndi amalonda, n'kumadzifunsa kuti kodi amenewa akuimira ife kwa boma, kapena akuimira boma kwa ife?

Pa 15 Okutobala 2015 KNU inali m'gulu la mabungwe 8 amene anasaina pangano lalikulu la dziko lonse, limene linabweretsanso komiti ina yoonerera ya mbali zonse. Chimene sichinachitike ndi kulemberana malire enieni, kuti asilikali a uku alekezera apa, a uko alekezera apo. Mu Malichi 2018 asilikali a boma analowa m'dera la Ler Mu Plaw ku Mutraw kudzakonza msewu wa nkhondo, osagwirizana ndi KNU monga pangano linanenera. Anthu oposa 2,000 anathawira m'nkhalango. Maofesi analipo, komiti inalipo, makalata analembedwa, koma panalibe mmodzi mwa iwo amene akanauza mkulu wa asilikali kuti bwerera, iye n'kubwereradi. Pa 5 Epulo, Saw O Moo, mtsogoleri wa m'mudzi wodziwika pa ntchito yoteteza nkhalango ndi mitsinje, anaomberedwa ndi asilikali ali pa njinga yamoto, akuchokera kumsonkhano wokonza chithandizo cha othawawo. Chaka chisanathe KNU inaimika kaye zokambirana. Asilikali atalanda boma pa 1 Febuluwale 2021, zotsalazo zinagwa zokha. Kumapeto kwa Malichi ndege za nkhondo zinaponya mabomba ku Day Bu Noh, ndipo mu Disembala nkhondo inafika ku Lay Kay Kaw, tauni imene inamangidwa ndi thandizo la ku Japan kuti obwerera kuchokera ku Thailand akhalemo monga chizindikiro cha mtendere. Anthu amene anakhulupirira chikwangwani n'kubwerera kwawo ndi amene anathawanso kachiwiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno sitikumenyana ndi ndege, koma zikwanje tili nazo, ndipo kafukidwe ka mkangano n'kamodzimodzi.

Tiyerekeze kuti papita miyezi inayi chigwirizanirane pa bwalo paja. Ndi usiku, anthu adya kale. Mnyamata akubwera wefuwefu, akuti ng'ombe za tsidya lija zalowanso mumpunga. Sanaone bwino kuti ndi zingati, sanaone ngati zathawa m'khola kapena wina wazikusira dala, koma pofika pa gulosale nkhani yakula, ng'ombe zitatu zasanduka khola lathunthu. Anyamata ayamba kutola zikwanje ndi matochi. Mfumu ili kumaliro kutali. Kope lija lili m'sutikesi mwa mlembi. Kuyambira pamenepa mpaka tambala woyamba, mudzi wonse uli m'manja mwa munthu mmodzi, uja tinamutchula mothamanga dzuwa litapendeka. Foni yake ili ndi moto? Muli mayunitsi? Nambala ya mnzake wa tsidya linalo anaisunga? Ndipo akaimba, wa uko adzuka n'kupita yekha kukatulutsa ng'ombezo, kapena anena kuti tionana mawa? Nthawi zambiri zimapezeka kuti munthuyo anapita kukagwira ganyu ku Lilongwe, kapena tinamusankha chifukwa ndi mphwake wa mfumu pamene anyamata samumvera n'komwe, kapena chisankhidwireni sanakumanepo ndi mnzake wa tsidya lija chifukwa panalibe wopereka alawansi.

Pa ukwati timadziwa bwino zimenezi. Palibe banja limene limasankha nkhoswe poona amene avale bwino pa tsiku la chinkhoswe. Timafuna munthu woti mkazi akamanga katundu pakati pa usiku adzuke, amvedwe ndi mbali zonse, ndipo asapite kukaulula kumowa zimene wamva. Tikafika pa nkhani za minda, madambo ndi madoko, nzeru yomweyo timaisiya kunyumba.

Anansi athu a kwa Makanjira ali ndi chitsanzo chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Chilumba cha Mbenji chimatsekedwa nthawi ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba kale m'zaka za m'ma 1950. Malamulo oletsa mowa, juga ndi maukonde oononga si achilendo, madoko ambiri anawalembapo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kuli anthu a komiti amene amakhalapodi, pa doko la Chikombe ndi pachilumba pomwe, odziwika nkhope ndi maina, ndipo wolakwa akagwidwa nkhani yake imafika kwa mfumu n'kuweruzidwa. Msodzi wodandaula amadziwa khomo loti agogode lero lomwe.

Pa ndale tili ndi makomiti a m'maboma olumikizira zipani, amene wapampando wake amakhala bwanamkubwa, muli a zipani, apolisi, mafumu ndi a mabungwe. Achitapo ntchito yabwino yogawa masiku ndi mabwalo a misonkhano kuti magulu awiri asakumane pamalo amodzi. Vuto lawo n'lakuti amadzuka chisankho chikayandikira, ndalama za othandiza zikabwera, n'kugonanso mavoti akawerengedwa, pamene mkwiyo weniweni umabwera zotsatira zitalengezedwa, monga tinaonera mu 2019. Lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 linatsegula njira yokhala ndi makomiti a mtendere m'maboma. Ndi lamulo labwino. Koma a EMOCHM nawonso anali ndi pepala labwino. Ine funso langa kwa aliyense wodzatiuza kuti komiti yakhazikitsidwa ndi lakuti mafuta a njinga yamoto agula ndani, ndipo munthu wa kwa Khombedza akaimba Loweruka usiku ayankha ndani.

Pali chinanso chimene mafumu ndi atsogoleri a zipani ayenera kuchiopa, chija cha ku Beira. Mukatuma munthu kukauza mbali inayo kuti bwerani tidzakambirane, palibe akukhudzeni, ndiye iwo atafika inu n'kuwaitanira apolisi kapena kuwakhazikira anyamata panjira, mwapambana tsiku limodzi lokha. Mawa mukadzafuna kutuma wina, palibe adzavomere kupita, ndipo wopitayo palibe adzamutsegulire.

Nanga ku Mozambique mfuti zinaleka bwanji? Amkhalapakati ochokera kunja anakhala ku Maputo miyezi ingapo mu 2016 n'kubwerera chimanjamanja. Kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho, Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Dhlakama analankhulana okha pa foni. Dhlakama analengeza kuti anyamata ake asiya kuombera kwa sabata imodzi. Sabatayo inasanduka masiku 60, kenako ena 60, mpaka mu Meyi 2017 anati kusiyako kulibenso malire. Awiriwo anapitiriza kuimbirana, anakhazikitsa timagulu tating'ono tokambirana za asilikali ndi za ulamuliro wa m'zigawo, ndipo Nyusi anakwera yekha kupita ku Gorongosa kukaonana naye. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018 ntchito isanathe, koma njira yolankhulirana inali itapondeka mokwanira moti Ossufo Momade, amene anamulowa m'malo, anangopitiriza. Anasaina ndi Nyusi mu Ogasiti 2019, ndipo ulendo uno ofesi yoyendetsa panganolo, motsogozedwa ndi Mirko Manzoni, sinatsekedwe msanga. Inakhalapo mpaka anthu oposa 5,000 a Renamo atatula zida, ndipo msasa wawo womaliza, wa ku Vunduzi, unatsekedwa mu Juni 2023, patatha zaka 30 ndi miyezi 8 chisainire pepala la ku Rome.